Unga, reji ndi funso lakuti "kwanu n'kuti?"

Pa maliro, m'basi yopita ku Chipata, kapena pa mzere wa ku kiliniki, tikakhala pafupi ndi munthu amene sitimudziwa, moni ukangotha timafunsa kuti, "Nanga kwanu n'kuti?" Ndi funso laulemu. Timafuna kumva dzina la mfumu yake ndi ciwongo cake kuti mwina tipeze cibale, kapena ngati ndi Mubemba tiyambe cimbuya, ulendo ufupike. Koma funso lomweli likacoka pakamwa pa munthu wa boma amene wanyamula fayilo, silikhalanso moni.

Pa 31 March 1999, Khoti Lalikulu ku Ndola linagamula kuti Kenneth Kaunda si nzika ya Zambia. Munthu amene analamulira dziko lino zaka 27, amene nkhope yake tinaiona pa ndalama zathu kuyambira tili ana, anauzidwa kuti alibe dziko. Sanali wa kuno, komanso sanali wa ku Malawi, pakuti unzika wa kumeneko anali ataukana kalekale. Ambiri titamva nkhaniyi pa wailesi tinayamba taseka, poyesa kuti ndi nthabwala. Koma ife a kum'mawa kuseka kwathu sikunapite patali. Ngati Kaunda angafunsidwe za makolo ake, nanga ife amene agogo athu ena anaikidwa ku Mchinji, ena ku Kasungu, ena ku Tete?

Tikamakamba za demokalase ya dziko lino timakonda kuwerenga masankho: uyu anapambana caka cakuti, uyu anavomera kugonja, uyu anakana. N'zoona, ndipo tili ndi conyadira, cifukwa katatu konse, mu 1991, mu 2011 ndi mu 2021, cipani colamula cinatuluka m'boma ndi voti. Koma pansi pa masankhowo pali zinthu ziwiri zimene olamulira akhala akuzigwira mwamphamvu kuposa bokosi la mavoti. Cina ndi thumba la unga. Cina ndi kakhadi kobiriwira kaja timakachula kuti reji. Mbiri yathu ikuonetsa kuti cimodzi cikayamba kupulumuka m'manja mwa wolamulira, amathamangira cinzake.

Malire enieniwo ndi a dzulodzulo. Mu 1891 Angelezi anapangana ndi Apwitikizi za pamene dziko la wina lithere, ndipo cigawo cawo anacidulanso pawiri: kum'mawa Nyasaland, kumadzulo dera loyang'aniridwa ndi kampani ya Cecil Rhodes. Mzere wake unatsata mtunda umene umagawa madzi, ena kutsikira ku nyanja ya Malawi, ena ku Luangwa. Madzi anagawika bwino, koma anthu ayi. Acewa tinapezeka m'maiko atatu, ndipo mpaka lero mwezi wa August mafumu a ku Malawi ndi a ku Mozambique amabwera ku Mkaika, ku Katete, pa mwambo wa Kulamba, kudzagwada kwa Kalonga Gawa Undi. Angoni a Mpezeni ali ndi abale awo ku Mchinji. Mtumbuka wa ku Lundazi ndi wa ku Mzimba safuna womasulira. Ndipo tikati tifufuze amene anabwera, mndandanda sutha: Angoni anaoloka Zambezi mu 1835, ndipo Abemba, Alunda ndi Acewa omwe, mbiri ya makolo awo imaloza ku Congo.

David Kaunda, atate a Kenneth, anali mphunzitsi ndi mlaliki wa mishoni ya Livingstonia. Anacoka ku Nyasaland kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 n'kukakhazikika ku Chinsali. Mwana wawo anabadwira pa Lubwa pa 28 April 1924, zaka 40 dziko lochedwa Zambia lisanabadwe. Nthawi imeneyo anthu anali kuyenda uku ndi uku cifukwa ca msonkho wa atsamunda. A ku Nyasaland, amene masukulu a mishoni anawafikira msanga, anabwera ku Broken Hill ndi ku migodi kudzakhala makalaliki ndi akapitawo. Athu a ku Fort Jameson ndi ku Petauke anapita ku Wankie, ku Salisbury, ku Joni, ena osabwererako, n'kusanduka machona. Rupiah Banda, amene anadzakhala mtsogoleri wacinayi wa dziko lino, anabadwira ku Gwanda, ku Southern Rhodesia, mu 1937, makolo ake ali pa nchito kumeneko. Kuyambira 1953 mpaka 1963 maiko atatuwa anali pansi pa boma limodzi la Federation. Palibe banja la kum'mawa limene lingaimirire n'kulumbira kuti magazi ake onse anabadwira mbali ino ya Mwami.

Mtsamunda nayenso anali ndi zida ziwiri zomwezi. Anali ndi citupa, pepala lonena kuti ndiwe yani, mudzi wako ndi uti, msonkho unapereka kapena ayi, ndipo wopanda citupa m'tauni anali wolakwa ngakhale asanabe kanthu. Analinso ndi phoso, cakudya cimene abwana anali kupimira anchito awo. Wocotsedwa nchito anali kutaya zonse pamodzi, phoso, nyumba ndi cilolezo cokhalira m'tauni. N'cifukwa cake mu 1961, pa nthawi ya Cha Cha Cha, anthu a kumpoto ndi ku Luapula anasonkhanitsa zitupa n'kuzitentha. Anadziwa kuti mphamvu ya mzungu inali m'kapepala kameneko.

Ufulu utabwera mu 1964, boma la UNIP linacita zambiri zabwino, ndipo wokana zimenezi sanaone mmene zinthu zinalili. Dziko lonse linali ndi anthu pafupifupi 100 okha omaliza maphunziro a yunivesite. M'zaka zocepa masukulu a sekondale anamangidwa m'maboma, yunivesite ya UNZA inatsegulidwa mu 1966, cipatala cinali caulere, ndipo ana a alimi anaphunzira osalipira. Ndalama zinalipo pakuti mkuwa unali kugulidwa bwino. Mu April 1968 ku Mulungushi, Kaunda analengeza kuti boma litenga magawo aakulu m'makampani ambiri, ndipo mu August 1969 ku Matero ananena kuti litenganso magawo 51 pa 100 m'migodi. Pa mfundo za ku Mulungushi panalinso imodzi imene sitiikumbukira kawirikawiri: malonda a m'masitolo a kunja kwa pakati pa matauni akulu anasungidwira nzika zokha. Amwenye ambiri anayenera kusankha, kutenga unzika kapena kusiya sitolo. Tinaombera m'manja, ndipo cifukwa cake cinali comveka. Koma kuyambira pamenepo reji inayamba kunena amene aloledwa kupeza cakudya ndi amene saloledwa.

Pofika m'ma 1970 boma linali paliponse. Cimanga anali kugula ndi a NAMBOARD, pa mtengo woikidwa ndi boma. Unga unali kugulitsidwa pa mtengo wotsika kuposa umene unapangidwira, boma n'kulipira kusiyanako. Basi inali ya UBZ, sitolo inali ya ZCBC kapena Mwaiseni. Ku migodi kampani inali kupereka nyumba, madzi, magetsi, cipatala, unga, mpaka timu ya mpira. Ndipo popeza boma ndi cipani zinali cinthu cimodzi, khomo lolowera ku zonsezi linali khadi la UNIP. Acinyamata a cipani anali kuima pa geti la msika ndi pokwerera basi kufunsa khadi. Mayi wofuna malo ogulitsirapo tomato anayenera kudziwana ndi wapampando wa nthambi. Cipanico cinali ndi mawu ake onena poyera kuti kukhala wa UNIP kumapindulitsa, ndipo sanali kunama.

Munthu amene amadya m'dzanja la wina savuta kumuuza kuti akhale cete. Simon Kapwepwe, mnzake wa Kaunda kuyambira ku ubwana ku Chinsali, atayambitsa cipani ca UPP mu 1971, cinaletsedwa mu February 1972 ndipo iye anatsekeredwa. Mu December caka comweco lamulo la cipani cimodzi linasainidwa, ndipo mu June 1973 ku Choma, Harry Nkumbula analowetsa ANC yake mu UNIP. Kuyambira pamenepo pa voti ya mtsogoleri wa dziko panali dzina limodzi. Tinali kusankha "inde" kapena "ayi," ndipo akuluakulu akumbukira kuti cizindikiro ca "ayi" cinali kukhala kanyama konyozeka, monga cule. Mu 1978 Kapwepwe ndi Nkumbula atafuna kupikisana ndi Kaunda mkati mwa cipani momwemo, malamulo a cipani anasinthidwa mwadzidzidzi: woimirira akhale atakhala membala zaka 5 zotsatizana, ndipo abwere ndi omucirikiza 200 kucokera m'cigawo ciliconse. Onse analephera. Tisaiwale njira imeneyi, yosoka lamulo molingana ndi msinkhu wa munthu mmodzi amene ufuna kumutsekera kunja, cifukwa tidzakumana nayonso.

Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, mafuta anakwera, njira ya kumwera inali itatsekedwa kuyambira 1973 cifukwa ca nkhondo ya ku Rhodesia. Boma linayamba kukongola kuti unga ukhalebe wochipa. Amene tinalipo tikumbukira mizere ya shuga, ya saladi, ya sopo, kudzuka usiku kukaika mwala pa mzere osadziwa n'komwe cimene cabwera m'sitolo. Unga ukasowa, mawu a boma anali okonzeka kale: ukutha cifukwa ca ozembetsa kupita ku Zaire. Kuzembetsa kunalikodi, pakuti cinthu cochipa mbali ino ndi codula tsidya linalo sicingalephere kuoloka. Koma kuloza mlendo kunalinso kopepuka kuposa kuvomera kuti thumba la boma labooka.

Mu December 1986, potsata pangano ndi IMF, boma linacotsa thandizo pa unga wa breakfast, ndipo mtengo wake unakwera kuposa kawiri. Unga wa roller, umene unayenera kukhalabe wochipa, unasowa m'masitolo. Ku Kitwe, ku Ndola ndi m'matauni ena a ku migodi anthu anaswa masitolo, ndipo 15 anafa. Kaunda anabweza mtengo wakale, nalanda zigayo zikuluzikulu kuti zikhale za boma, ndipo pa 1 May 1987 anathetsa pangano ndi IMF. Mu 1989 kunabwera makuponi a unga, a mabanja a m'matauni amene analembedwa m'buku. Mlimi wa ku Chadiza amene analima cimangaco sanali kulandira kuponi. Mu June 1990 mtengo unakweranso kawiri. Ophunzira a pa UNZA anayamba, makomboni a Lusaka anatsatira, ndipo anthu oposa 20 anaphedwa. M'mamawa pa 30 June, msilikali wina, Mwamba Luchembe, analankhula pa wailesi kuti asilikali atenga boma. Zinatha m'maola ocepa, koma anthu anali atavina kale m'misewu, ndipo Kaunda anaona. Mu July anthu anakumana pa Garden House ku Lusaka n'kuyambitsa MMD. Mu December lamulo la cipani cimodzi linafafanizidwa. Pa 31 October 1991 Frederick Chiluba anapambana ndi mavoti pafupifupi 76 pa 100 alionse, MMD n'kutenga mipando 125 mwa 150.

Timakonda kunena kuti mu 1991 tinamenyera ufulu, ndipo ena anamenyeradi ufulu: a mabungwe a anchito, maloya, ansembe, ophunzira, amene anatsekeredwa kale unga usanakwere. Koma tinene zoona. Cipani cimodzi tinakhala naco zaka 18, ndipo tinadzaza misewu pamene mbale inacepa. Tinakwiyira tate cifukwa analeka kubweretsa cakudya, koma maganizo akuti boma ndi tate sitinawataye.

Mwa mipando 25 imene UNIP inapeza, 19 inali yonse ya kuno kum'mawa. Cigawo cathu cokha ndico cinakana mphepo ya caka cimeneco. Patangopita masiku ocepa boma latsopano litalowa, mu November 1991, William Banda, amene anali bwanamkubwa wa UNIP ku Lundazi, analandira kalata yomuuza kuti si wa kuno, acoke. Analimbana nazo m'makhoti mpaka ku Supreme Court, nagonja, ndipo mu 1994 anamutenga n'kukamusiya ku Malawi. Caka comweco John Chinula, wa m'komiti yaikulu ya UNIP, anatengedwa pa nyumba yake ku Ndola n'kuolotsedwanso malire. Khoti la ku Malawi nalonso linati anthuwa si nzika za kumeneko. Anakhala pakati, kuno akanidwa, uko akanidwa. Chinula anamwalira ali ku Malawi mu 1998. Mu 1999 bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu, pa mlandu umene Amnesty International inakasuma, linagamula kuti Zambia inawalakwira onse awiri. Mmodzi yekha ndiye anali moyo kuti amve.

N'cifukwa ciani boma limene linalowa ndi nyimbo ya demokalase linathamangira msanga ku mafayilo a unzika? Cifukwa cina n'cakuti linalibe unga woti ligawe. Linalowa thumba lili lopanda kanthu, ngongole ili pakhosi, ndipo linacotsa thandizo la unga, linagulitsa makampani a boma, ena n'kuwatseka. Zambia Airways inatha mu 1994, UBZ inatsatira. Anthu masauzande anacotsedwa nchito, ena anafa akudikira ndalama zawo. Amene anavina mu 1991 anayamba kung'ung'udza kuti bola kale. Ndipo mu 1995 Kaunda anabwerera pa mpando wa UNIP, nayamba kudzaza misonkhano. Boma silikanatha kumuyankha ndi mtengo wa unga. Linamuyankha ndi funso lija: kwanu n'kuti?

Mu May 1996 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa. Wofuna kuimira pa utsogoleri wa dziko anayenera kukhala ndi makolo onse awiri amene ndi nzika za Zambia mwa kubadwa. Mfumu yofuna kulowa ndale inayenera kuyamba yatula ufumu. Aliyense anadziwa amene malaya awa anasokeredwa: mfundo yoyamba inali ya Kaunda, yaciwiri inali ya waciwiri wake mu UNIP, mfumu Inyambo Yeta. Komiti ya Mwanakatwe, imene inazungulira dziko kumva maganizo a anthu, inalangiza kuti malamulo atsopanowo avomerezedwe ndi msonkhano wa oimira anthu onse ndiponso voti ya dziko lonse. Boma linakana, n'kuwadutsitsa m'Nyumba ya Malamulo mmene linali ndi mipando yocuruka. Zinali zomwe zija za 1978, kungoti tsopano wotsekeredwa kunja anali mwini wake wa njirayo. Pali ena amene anati n'zabwino, alaweko. Ife tikuona kuti apa ndi pamene demokalase ya 1991 inayamba kudwala, isanakwanitse n'komwe zaka zisanu. UNIP inakana kulowa masankho a pa 18 November 1996, maiko otithandiza anaimitsa ndalama zina, ndipo MMD inatenga mipando 131.

Msampha sudziwa mwini wake. Masankho atangotha, Akashambatwa Mbikusita-Lewanika, Dean Mung'omba ndi anzawo anapita ku Supreme Court kukanena kuti Chiluba nayenso sakwanira pa lamulo lake lomwelo. Mboni zinabwera, ina ikuti anabadwira tsidya la Luapula, ku Zaire, ina ikuchula munthu wina kuti ndiye atate ake enieni. Kwa miyezi yambiri dziko lonse linakhala likumvetsera nkhani za m'nyumba mwa mayi amene anamwalira kalekale. Mu 1998 khoti linagamula kuti Chiluba ndi nzika ndipo anasankhidwa movomerezeka. Pofika pamenepo oweruza anakumbutsa cinthu cimene opanga lamulo anacita ngati aiwala: unzika wa Zambia unayamba pa 24 October 1964. Tsiku limenelo lisanafike kunalibe munthu, ngakhale kholo la munthu, amene anali nzika ya Zambia. Ngakhale zinali conco, caka cotsatira khoti la ku Ndola linagamula zija za Kaunda, amene anali atagona kale m'ndende kuyambira pa Khirisimasi ya 1997 pomuganizira kuti anali kumbuyo kwa asilikali a Captain Solo. Nkhani ya unzika wake inatha mu 2000, atabwezeredwa dziko lake.

Pali caka cimodzi cimene tiyenera kucikumbukira mwaulemu. Mu 2001 Chiluba atafuna kusintha malamulo kuti aimenso kacitatu, machalichi, maloya ndi mabungwe a amayi anagwirizana mu Oasis Forum. Anthu anavala tinsalu tobiriwira pacifuwa, oyendetsa galimoto analiza mahutala m'misewu ya Lusaka, ndipo nduna zake zomwe zinamukana. Anagonja. Palibe amene anatuluka tsiku limenelo cifukwa ca mtengo wa unga. Zimenezi zionetsa kuti tikhoza, ngakhale kuti siticita kawirikawiri.

Cida ca unzika sicinaikidwe pansi. Mu January 2004 boma la Levy Mwanawasa linalamula kuti Roy Clarke, wolemba nthabwala za ndale mu nyuzipepala ya The Post, acoke m'dziko cifukwa ca nkhani imene anayerekeza atsogoleri ndi nyama za ku Mfuwe. Anali atakhala kuno zaka makumi angapo, mkazi wake ndi ana ake ndi a kuno. Makhoti ndiwo anamupulumutsa. Michael Sata anamunena kuti atate ake anali a ku Tanzania, Edgar Lungu anamunena kuti ndi wa ku Malawi, ndipo Sata mwiniwake pa kampeni ya 2006 anakolola mavoti ambiri polankhula zowawa za Achaina. Sata atamwalira mu October 2014, Guy Scott, wobadwira ku Livingstone mu 1944, anagwirizira mpando masiku pafupifupi 90 koma sanaime pa masankho, pakuti lamulo la 1996 linali pa njira yake: makolo ake anabadwira ku Britain. Ndipo William Banda uja, amene MMD inamutaya ku Malawi, anabwerera, ndipo m'nthawi ya Rupiah Banda anali wapampando wa MMD yomweyo m'cigawo ca Lusaka. Pamene anali wotsutsa anali Mmalawi. Atalowa cipani colamula palibe anafunsanso kumene mcombo wake unakwiriridwa.

Unga nawonso unabwerera, koma m'thumba lina. Mu 2002 boma linayamba kugawa feteleza wochipa kwa alimi ang'onoang'ono, pulogalamu imene kuyambira 2009 timaidziwa kuti FISP, ndipo inakula mpaka kufikira alimi oposa 1 miliyoni. A FRA amagula cimanga pa mtengo umene dziko lonse limadikira kuumva. Sitikunena kuti kuthandiza mlimi n'kulakwa. Amene analimapo pa nthaka yotopa ya ku Katete wopanda thumba la feteleza sanganene zimenezo, ndipo cilala ca 2024 cinationetsa kuti pali nthawi imene popanda dzanja la boma anthu amafa. Vuto lili pa mmene cinthuco cimafikira kwa ife. Ndalama zake ndi za msonkho wathu ndi ngongole imene ana athu adzabweza, koma cimabwera ngati mphatso ya munthu, ndi nkhope yake pa citenje, ndipo timauzidwa kuti tithokoze. Mlimi amene dzina lake lili pa mndandanda wa kopaletivu amaganiza kawiri asanafunse funso pa msonkhano. M'tauni, khadi la UNIP lija linabadwanso mwa makada amene anagwira misika ndi masiteshoni a basi, m'nthawi ya MMD ndipo makamaka m'nthawi ya PF, akutolera ndalama ndi kusankha amene agulitse ndi amene asagulitse.

Mu January 2016 malamulo aakulu anasinthidwanso. Mfundo ya makolo inacotsedwa patapita zaka 20, ndipo unzika wa maiko awiri unaloledwa. Pa pepala nkhani inatha. Koma funso limene akuluakulu analiphunzitsa dziko linali litatsikira kale m'makomboni. Mu April caka comweco, mitembo ya anthu ophedwa mwankhanza itapezeka m'madera a George ndi Zingalume ku Lusaka, mphekesera inafala yakuti eni masitolo a ku Rwanda ndiwo akucita zimenezi pofuna mankhwala a malonda. M'masiku awiri masitolo oposa 60 anaswedwa ndi kubedwa. Mazana a anthu anathawira ku chalichi ca St Ignatius. Anthu awiri anatenthedwa amoyo, ndipo apolisi atafufuza anapeza kuti onse awiri anali a Zambia. Cinali caka ca masankho, kwaca inali itagwa, magetsi anali kuzimazima, unga unali utakwera. Zina mwa zinthu zoyamba kutuluka m'masitolomo zinali matumba a unga, shuga ndi saladi. Izi zinacitika m'dziko limene linasunga Oliver Tambo ndi ANC zaka zambiri, limene linalandira othawa nkhondo a ku Angola ku Mayukwayukwa ndi ku Meheba, ndi a ku Mozambique ku Ukwimi, ku Petauke kwathu konkuno.

Miyezi iwiri pambuyo pake The Post inatsekedwa. Mu 2017 Hakainde Hichilema anakhala m'ndende miyezi inayi pa mlandu woukira boma, umene unayambira pa kulimbirana msewu kwa magalimoto ku Mongu. Mu 2020 Prime TV inalandidwa laisensi, ndipo mu November dziko linalephera kubweza ngongole yake. Mu August 2021 tinaimanso pa mizere kuyambira usiku, acinyamata ali patsogolo, ndipo boma linasintha. Tikafunsa amene anavota tsiku limenelo cimene cinawatulutsa m'nyumba, ena amachula makada ndi mantha, ambiri amachula mtengo wa thumba la makilo 25. Pa misonkhano ya kampeni, lonjezo limene linali kulandira mfuu yaikulu linali la kutsitsa mtengo wa unga ndi feteleza, monga mmene zakhalira pa masankho ambiri a m'mbuyomu.

Kaunda sanaone masankho amenewo. Anamwalira pa 17 June 2021 ali ndi zaka 97. Ena a m'banja lake anapita ku khoti kupempha kuti aikidwe pa famu yake, pafupi ndi mkazi wake Betty, monga mmene ananenera kuti iye anafunira. Boma linakana, linati munthu ameneyu ndi wa dziko lonse. Pa 7 July anaikidwa ku Embassy Park, pamalo a atsogoleri a dziko, mayadi ocepa cabe kucokera pa manda a Frederick Chiluba.